Mibulu Isanu Kuseri kwa Tailosi

M'nyumba mwathu munalibe chuma, koma munali mtendere. Bambo anali mmisiri woika matailosi, amayi ankasoka zovala pakhonde, ndipo ana tinalipo awiri, ine ndi mchimwene wanga wondiponda pamutu. M'mawa uliwonse tisanabalalike bambo ankatisonkhanitsa pabalaza n'kupemphera mwachidule, kupempha Mulungu kuti manja athu asachite kanthu kotichititsa manyazi madzulo.

Mchimwene wangayo tinkamutcha Kaliwiro chifukwa chilichonse ankachita mothamanga. Kudya, kusamba, ngakhale mayeso ankatuluka woyamba. Atamaliza sekondale bambo anayamba kumutenga ku ntchito, ndipo posakhalitsa anthu anaona kuti mnyamatayo ali ndi dzanja. Mzere wake unkawongoka ngati wojambula ndi lula, ndipo podula tailosi kuti izungulire paipi sankaswa ngakhale imodzi.

Bambo anamuphunzitsa zonse popanda kubisa. Anamuonetsa kuti ukadontheza madzi kuseri kwa tailosi ya seramiki, madziwo amalowa, ndiye chifukwa chake amaiviika m'diramu asanaiike pa simenti. Koma palinso matailosi ena olimba ngati galasi, amene ogulitsa amawatcha vitirifayidi. Amenewo samwa madzi, ndipo simenti wamba sawagwira. Amafuna guluu wake wa m'matumba, wopakidwa pakhoma ponse ndi chipande cha mano, n'kupakanso kuseri kwa tailosiyo, kuti pasatsale mphako. Ukamaliza umagogoda iliyonse ndi chigwiriro cha chipande. Yogwira bwino imalira motsika, yamphako imalira ngati ng'oma.

"Mwini nyumba amaona kumaso kokha," ankatero bambo. "Kuseriko umakudziwa ndiwe ndi Mulungu."

Kaliwiro ankavomera, koma maso ali pa wotchi.

M'chaka chachitatu mawondo a bambo anayamba kuvuta. Zaka zogwada pa simenti zinawapeza, ndipo masiku ena sankatha kudzuka pampando popanda wowakoka. Kaliwiro anayamba kupita yekha ku ntchito, ndipo pa nyumba ina yosanja anakumana ndi kapitawo wina amene amisiri ankamutcha a Chidule.

Tsiku loyamba a Chidule anaima kumbuyo kwake akumuona akupesa guluu pakhoma, kenaka anaseka.

"Iwe, ukupaka mafuta mkwatibwi kapena ukuika tailosi? Tabwera nayo."

Anatenga tailosi, anaponya mbulu wa guluu pa ngodya iliyonse ndi umodzi pakati, n'kuikanikiza pakhoma. Inaima bwinobwino. Anamuuza kuti mwa njira imeneyo chipinda cha masiku atatu chimatha tsiku limodzi, ndipo matumba otsala amatuluka pageti m'galimoto ya zinyalala, wogula alipo kale. Kaliwiro anati bambo ake salola zimenezo.

"Bambo akowo ali kuti lero? Si awo akukwawa kunyumba? Zaka zonsezi akupesa makoma a anthu, ali ndi chiyani, njinga?"

Mawu amenewo anamulowa. Sabata yomweyo anayesa mibulu isanu m'chipinda chimodzi, ndipo palibe anadandaula. Mwezi usanathe anali atagula nsapato zatsopano ndi foni yaikulu. Kenaka a Chidule anamuonetsa kuti ngakhale mibuluyo sifunika guluu weniweni, simenti ndi mchenga wosefa zimaimitsa tailosi mpaka mwini nyumba atalipira. Loweruka ankapita limodzi ku bala, ndipo Lamlungu mpando wake ku tchalitchi unayamba kukhala wopanda munthu.

Amayi ndiwo anayamba kununkhiza. Pochapa malaya ake anamva fungo la mowa, ndipo anamufunsa kuti ntchito yanji imene ikulemeretsa munthu msanga chotere pamene bambo ake anaigwira zaka makumi atatu. Iye anayankha kuti dziko linasintha, masiku ano amadya ndi ochenjera.

"Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero amayi, osakweza mawu. "Ine ndinabala mmisiri, sindinabale wochenjera."

Tsiku lina mawondo atapepukako, bambo anatenga ndodo yawo n'kupita kumene Kaliwiro ankamaliza khitchini ya mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anamupatsa ntchitoyo chifukwa cha dzina la bambo. Analowa, anayamikira mizere, kenaka anatola chipande n'kuyamba kugogoda. Khoma lonse linalira ngati ng'oma. Anagogodanso, pang'onopang'ono, kuyambira pakhomo mpaka pa sinki.

"Gumula," anatero.

Kaliwiro anati ntchito yatha, mwini wake wakondwa, ndipo palibe chagwa.

"Gumula lero, ndikuthandiza ndine, ngakhale chokwawa. Ukapanda kutero ndikamuuza ndekha mwini nyumbayi."

"Kamuuzeni. Mwina akupatsani mawondo atsopano."

Bambo anatola ndodo yawo n'kutuluka. Anapita kukamuuza mphunzitsi uja, ndipo anagwiranso ntchitoyo okha kwa masabata awiri, atagwada pa pilo wakale, osalandira kanthu. Kaliwiro ananyamula zovala zake n'kukachita lendi chipinda kufupi ndi a Chidule. Kwa chaka chathunthu tinkangomumvera kwa anthu.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditakwatiwa, ndili ndi mwana wamkazi wa chaka ndi theka. Ine ndi bambo a mwanayo tinkamaliza kanyumba kathu ka zipinda ziwiri, ndipo kanatsala ndi bafa. Ndine munthu wamantha pa za mwana. Mankhwala ndimaika pamwamba pa kabati, ndowa ya madzi sindisiya yosavundikira. Posankha matailosi ndinazungulira masitolo anayi ndili ndi botolo la madzi m'chikwama, kuthira pa tailosi iliyonse ya pansi n'kupondapo kuti ndione ngati ikuterera. Ogulitsa ankandiseka. Pansi ndinasankha okhakhala. Pakhoma ndinakopeka ndi aakulu onyezimira, avitirifayidi aja, otalika ngati mkono wa munthu wamkulu mbali zonse, chifukwa sasunga litsiro. Bambo anga anati ndi abwino koma ndi olemera, ndipo anatilembera mtundu wa guluu wofunika. Tinagula wokwanira, n'kuonjeza thumba limodzi.

Apa ndi pamene Kaliwiro anatulukira. Anafika masana ataonda, nsapato zija zitang'ambika, atanyamula kagalimoto ka pulasitiki ka mwana. Anamunyamula mwanayo n'kumamutcha abwana aang'ono, ndipo mwanayo anaseka mpaka kutsamwa. Anati anamva kuti tikufuna mmisiri, ndipo n'zamanyazi kuti mlendo adye ntchito ya m'nyumba ya mlongo wake. Anati za a Chidule anasiya.

Bambo a mwana anakayika, koma ine ndinaumirira. Ndinati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwina ntchito imeneyi ndi imene ingamubweze kunyumba. Bambo anga atamva anavomera, koma anati akufuna kukhalapo pampando tsiku loika khoma.

Kaliwiro anaika matailosi a pansi Lolemba, bambo akuona, ndipo anapesa guluu bwinobwino. Lachitatu bambo anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa mawondo, ndipo ine ndinawaperekeza. Tinagwirizana kuti khoma lidikire Lachinayi. Pobwera madzulo tinapeza khoma lonse litatha, mipata atatseka kale, atapukuta mpaka likuwala. Matumba opanda kanthu anati wataya.

Bambo anaima pakhomo pa bafa nthawi yaitali. Kenaka anati ndiwapatse supuni kapena kiyi kuti agogode khomalo. Ndinaona nkhope ya mchimwene wanga ikusintha, ndipo ndinaopa kuti achokanso chaka china.

"Bambo, musiyeni," ndinatero. "Angachite zimenezo m'nyumba mwanga, mosambira mwana wa mlongo wake? Mukagogoda ndiye kuti mwamutcha wakuba pamaso panga."

"Achemwali anena zoona," anatero Kaliwiro. "Muno ndi mwathu."

Bambo anandiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, n'kubweza dzanja m'thumba. Ine amene ndinazungulira masitolo anayi ndi botolo la madzi, ndinaletsa munthu kugogoda khoma kwa mphindi ziwiri.

Panapita miyezi isanu. Tsiku lina m'mawa ndinkasambitsa mwana m'beseni, pansi pa khoma la kuzenera. Ankamenya madzi ndi manja, akuimba zake zosamveka. Ndinatembenuka kuti nditenge thaulo pamsomali, ndipo mphepo inamenyetsa chitseko cha bafa. Ndinamva phokoso ngati mbale zonse za m'nyumba zagwa pamodzi. Tailosi ya mzere wapamwamba inali itachoka yathunthu, n'kuswekera pamlomo pa beseni pamene mwana anagwira. Madzi anafiira ndisanamve n'kulira kwake komwe.

Za ulendo wa kuchipatala sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka thaulo ndi mayi woyandikana nafe akuimitsa galimoto pamsewu. Madokotala anayesetsa, ndipo moyo unapulumuka. Koma zala ziwiri za dzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, sanathe kuzisunga. Namwino wina anandiuza kuti mwanayo akanaweramira kutsogolo pang'ono, tikanakamba zina.

Bambo a mwana anapita kunyumba kukatenga zovala, ndipo pobwera ananyamula chibenthu cha tailosi ija. Kuseri kwake kunali koyera ngati yangotuluka m'katoni. Anati pakhoma patsala mibulu isanu ya simenti wamba, ndipo atayesa tailosi yoyandikana nayo, inachoka ndi zala zokha.

Kaliwiro anafika tsiku lachiwiri. Anaima kumapazi kwa bedi, akuyang'ana dzanja lokulungidwa bandeji. Mlamu wake anamupatsa chibenthu chija. Kaliwiro anachitembenuza, n'kukhala pansi pa simenti ya m'wodi. Ananena zonse popanda womufunsa. Anati a Chidule anabwera ndi galimoto tsiku lija tili kuchipatala ndi bambo, ndipo matumba onse a guluu amene anatsala anapita. Anati anaganiza zodzabwera tsiku lina kudzakonza, koma sabata iliyonse inkapita khoma lili chiimire, mpaka analeka kuliganizira.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti pamene ankaponya mibuluyo ankadziwa kuti pansi pake pazisambira ndani.

"Ndinkadziwa, achemwali," anatero.

Bambo analowa ndi ndodo yawo nthawi yomweyo. Kaliwiro anawagwira miyendo akulira, kupempha kuti amukhululukire.

"Ine unanditukwana mawondo, ndipo ndinaiwala kale," anatero bambo. "Koma nyumba zimene waika zaka ziwirizi muli ana a anthu. Ukawauze eni ake lisanagwe khoma lina. Ukatero udzabwere tidzakambe za chikhululukiro."

Anachita zimenezo, ndipo sizinamuyendere mofewa. Ena anamuthamangitsa ndi mawu oipa. Mwini nyumba wina anamutengera kupolisi, ndipo anakakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha matumba amene anaba. A Chidule anakana kuti samudziwa, n'kusamukira ku ntchito ina. Kaliwiro atatuluka kundende, palibe amene anafunanso kumupatsa khoma. Lero amanyamula makatoni m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo anabwerera kunyumba kwa makolo ndi ku tchalitchi. Mowa anasiya. Ndikhulupirira kuti kulapa kwake n'koona, ndipo ndimapempha Mulungu andithandize kumukhululukira ndi mtima wonse, chifukwa masiku ena zimandikanika. Ndimapemphanso chikhululukiro changa, pakuti ndinaopa mkangano kuposa ngozi.

Achinyamata amene mukuphunzira ntchito ya manja, ndalemba izi chifukwa cha inu. Ulesi ndi kuba zimayamba ndi mawu akuti palibe aone, ndipo nthawi zambiri palibedi amene amaona. Koma chimene mwabisa kuseri chimakhala pomwepo, chikudikira, ndipo chikamagwa sichisankha wochimwa. Wokuuzani kuti njira ya makolo anu ndi yochedwa sadzakhalapo tsiku limenelo. Nanunso makolo anzanga, musaletse kufufuza ntchito poopa kukhumudwitsa m'bale. Wokhulupirika sakwiya mukagogoda khoma lake.

Mwana wanga tsopano ali ndi zaka zinayi, ndipo akuphunzira kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Sadziwa kanthu. Amalume ake akafika amawathamangira ndi kuwakumbatira m'miyendo, iwo n'kumunyamula maso ali kumbali. Sabata yatha anandifunsa chifukwa chimene anzake ali ndi zala zambiri kuposa iye. Ndinamuuza kuti anavulala ali wamng'ono, ndipo anakhutira. Koma tsiku lina adzafunsanso, ndipo yankho limenelo silidzamukwanira. Mchimwene wanga anandipempha kuti tsiku limenelo likadzafika ndisadzayankhe ine, adzamuuza yekha ndi pakamwa pake.