Kansinza ka a Gilibati

Pa tsiku lakhumi chiikireni maliro a akazi awo, a Gilibati a ku Nathenje anali asanaone tulo. Maso anali psuu, ndipo anali atayamba kuyankhula ndi khoma. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi, koma sanaphule kanthu. Adokotala anauza Maness, mwana wawo woyamba, kuti mtima wa munthu wamkulu sungapirire sabata ina.

Amene anazindikira vuto anali a Abednego, mlongo wawo wa malemuwo.

"Kumanda kuja munayala mphasa iti?" anafunsa.

"Ya kuchipinda, amalume. Imene ankagonapo."

"Ankagonapo awiri. Mwakwirira nyumba ya tinsinza tonse tiwiri."

Munthu aliyense ali ndi kansinza kake, kanyama kochepa ngati mbewa, kotuwa ngati phulusa, kokhala pansi pa mphasa ya mwini wake. Ndiko kamabweretsa tulo, maloto kakukoka kumchira. Mwini wake akamwalira, kamabwerera ku Dzalanyama kukakhala m'mphako. Ka a Gilibati, posowa pokhala, kanangotsatira ka akazi awo. Ofuna kuseka aseke, poti iwo akugona bwino.

Maness ndi a Abednego ananyamuka m'mamawa pa njinga zamoto, kudutsa pa Mitundu mpaka pomwe mseu unathera. M'thumba munali chinangwa chophika, chigubu cha madzi, tsabola wouma ndi chipewa chakale cha a Gilibati chonyamuliramo kanyamako. A Abednego anawotchapo makala m'nkhalangomo zaka khumi ndi ziwiri, ndiye njira ankazidziwa ngati za kumunda kwawo.

Poyamba sinali nkhalango ayi, zinali zitsa zokhazokha ndi utsi. Pa uvuni wina wamakala anatulukira amuna atatu, nkhwangwa m'manja.

"Ndinu a boma?"

"A boma amavala nkhwaira ngati izi?" anatero a Abednego, akuonetsa mapazi. "Tikupita ku mitondo ikuluikulu. Kuli matenda kunyumba."

Nkhwangwa zinatsika. "Fulumirani. Kuphiriko mvula yagwa kale."

Inawapeza dzuwa lili pamutu, mvula yamphepo yothyola nthambi. Kamtsinje kamene a Abednego ankakalumpha kale ndi mtolo pamutu kanali katasefukira, madzi ofiira akukokolola zipika. Anawoloka atagwirana m'chiuno, madzi akufika pachifuwa. Pakati penipeni chipika chinagunda thumba, chinangwa ndi chigubu n'kupita. Maness anali ataluma chipewa ndi mano, tsabola ali m'katimo, ndipo sanachitaye.

Kutsidyako mitengo inali isanalawe nkhwangwa. Kunali zii, ngakhale mbalame. Maness anayasamula kawiri motsatizana, miyendo ikulemera.

"Tafika," ananong'ona a Abednego. "Tamvera bwino. Kamabwera ka munthu amene watchulidwa. Uitane bambo ako okha. Ka munthu wakufa kakakukwera, tulo take sudzuka."

Mphako inali mumtondo waukulu, pamwamba pang'ono. Maness anakwera pamuzu n'kusuzumira. Tinalimo tiwiri, titapindirana, kamodzi katatsamira mutu pamsana pa kanzake. Anamva chisoni, poti ndi mmene makolo ake ankakhalira pakhonde madzulo. Anatambasula chipewa, n'kutsegula pakamwa kuti aitane.

Muzu unali wonyowa. Phazi linaterereka, bondo n'kugunda mtengo, ndipo mawu anatuluka okha, amene aliyense wa ife amatulutsa akaphunthwa.

"Amayi ine!"

Kamodzi kanadzutsa mutu. Kanatsika ndi thunthu, kosafulumira, kakulunjika paphewa pa Maness. A Abednego anamukankhira kumbali n'kuika mkono wawo pamtengopo. Kanyamako kananunkhiza, n'kuzindikira magazi a pachibale. Kanakwera mkonowo mpaka kukakhazikika pakhosi pawo.

"Amalume, kachotseni."

"Sikachoka. Uyu ndi mlongo wanga. Ndinamubereka kumsana ali khanda, ndimulephera lero?" Anakhala pansi, msana kumtengo. "Itana bambo ako, msanga."

"Abambo," anatero Maness. Kotsalako kanazengereza, kakuyang'ana kanzake, kenako kanalumphira m'chipewa.

"Usadzerenso kumtsinje," anatero a Abednego, zikope zikugwa. "Phirilo likhale kudzanja lako lamanja mpaka ukapeze mseu wa malole. Usakhale pansi, ngakhale pang'ono. Ukagona, kasanduka kako, bambo ako atsala opanda. Tulo tikakugwira, tafuna tsabola."

"Ndikunyamulani."

"Unyamula chipewa. Mawa utumize amuna."

Anawagwedeza, anawamenya masaya, anawaitana ndi dzina lawo lenileni, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Iwo analiza mkonono pang'ono, nkhope ili phee, kenako mkononowo unaleka. Maness anavula chitenje n'kuwafunditsa. Analira choimirira, poti kukhala pansi anali atamuletsa.

Ulendo wobwerera sanaukumbuke wonse. Chipewa chinkafunda pachifuwa, tulo tikukwera kuchokera m'manja. Nguluwe inadutsa patsogolo pake ndi ana ake, iye osaopa n'komwe. Anatafuna tsabola mpaka milomo kutupa. Mu lole yamatabwa imene inamutola anakana kukhala, anaima kumbuyo atagwira chitsulo. Pa Mitundu anakwera njinga yamoto, n'kuuza wanjingayo kuti azimuyankhulitsa njira yonse, ndipo bamboyo anamufotokozera za fodya wake mpaka pa Nathenje.

Anapeza bambo ake atakhala pamphasa yatsopano, akuyang'ana khoma. Anagwada n'kuika chipewa pambali pawo. Kanthu kotuwa kanalowa pansi pa mphasayo. A Gilibati anayasamula, n'kupendekeka pang'onopang'ono ngati thumba la chimanga.

Anagona mpaka masana a tsiku lotsatira. Amuna anali atapita kale kunkhalango ndi ngolo, ndipo Maness anali pakhomo la chipinda, akusowa poyambira kuwauza. Bambo ake anadzuka, napempha madzi, namwa onse. Kenako anamuyang'ana.

"Usavutike, mwana wanga," anatero. "Ndawaona alamu anga. Anali patsogolo ndi chikwanje, akuwalambulira njira mayi ako."