Madzi a Kumapeto kwa Ngalande

Mtembo anaupeza Lachinayi m'mawa kuseri kwa kanyumba ka makina, pa sikimu ya mpunga kuchigwa. Anali Tisungane, mphunzitsi wa makompyuta, bala lili kunkhongo. Inspekitala Maliro, wapolisi wa ku Ntcheu boma, atafika anapeza alimi agwira kale munthu: nkhalamba Eliya, yemwe anathera unyamata wake ku migodi ya ku Joni.

Kale madzi a pasikimupo ankagawidwa ndi anthu, pamaso, ndipo mkangano unkatha dzuwa lisanatenthe. Tsopano zipata za ngalande zinkatsekulidwa ndi kabokosi koyendera sola, kotsatira pulogalamu imene komiti inagula kwa bambo Mfundo a ku boma. Amati chitukuko. Munthu ukachoka zaka zambiri n'kubwerera, umapeza ngakhale madzi akudikira chilolezo.

"Munakangana naye, madala?" anafunsa Maliro.

"Ndinamukalipira, inde. Chiyambire mtsikanayo kulowa m'kanyumbamo pazenera, ife akumtunda madzi anachepa. Ndinamuuza kuti ndi wakuba. Koma kupha? Onani manjawa, bwana. Ngakhale khasu likundikana."

Manjawo analidi ofooka ndi ukalamba. Maliro analamula kuti amumasule.

Mayi a malemu, Anangozo, anali pakamunda kawo kumapeto kwa ngalande. Sankalira. Ankayang'ana nthaka.

"Makina atabwera, ife a minda ing'onoing'ono madzi anatisiya," anatero. "Tikadandaula, ankati kompyuta sinama. Mwanangayo ndiye anakalowamo, madzi n'kubwerera. Ankati Loweruka akaulula zonse ku komiti. Lero taonani."

Mpunga unali utangoyamba kubereka, koma ngalande inali itaphwa.

"Madzi asiya liti?" anafunsa Maliro.

"M'mawa womwe uno."

Maliro anaitanitsa mnzake wa za makompyuta. Masana yankho linali litapezeka, ndipo Lachisanu bambo Mfundo anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, atavala jekete, makiyi a galimoto ali patebulo.

"Imfayi yandikhudza," anayamba. "Komabe tinene zoona, mtsikanayo ankaphwanya lamulo. Kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu."

"Ndi mlandu ndithu," anatero Maliro. " Akanakhala moyo ndikanamufunsa. Pulogalamuyo munalemba ndinu?"

"Ndi mutu wangawu."

"Mutu wanu unakafika liti kutsidya la nyanja? Inalembedwa kumeneko, achimwene, yothirira minda ikuluikulu. Eni ake anaiika pa intaneti kuti aliyense atenge ulere, bola asafufute maina awo. Inu munafufuta, n'kulembapo lanu."

"Aliyense amatero. Palibe amene amayambira pansi."

"Kutenga sikulakwa. Koma munaiwerenga? Munda wosakwana hekitala imauyesa njira, n'kuumana madzi. Kuno amasiye amalima mahekitala?"

Mfundo anaseweretsa makiyi. "Dzulo ndinali ku Lizulu, kogula mbatata. Funsani."

"Tafunsa. Munafika dzuwa litakwera. Kabokosi kaja sikali pa intaneti; kuti usinthe kanthu, uyenera kuima pomwepo ndi chingwe. Dzulo m'mawa wina anachotsa zimene Tisungane anakonza, n'kubwezeramo pulogalamu yakale ija, ya dzina lanu. Madzi a kumapeto anaphwa nthawi yomweyo. Yakaleyo anali nayo ndani? Madala Eliya, amene foni amawayimbira ndi adzukulu?"

Mfundo anasiya makiyi. Panja njinga za kabaza zinkaliza mabelu.

"Ndinapita kukabwezeretsa zanga basi," anatero Mfundo, mawu atatsika. "Anandipeza ndikutuluka. Ndinamupempha, ndinati mlongo, tigwirizane, ulowe m'kampani. Anaseka. Akuti, 'Kampani yofufuta maina?' Masikimu ena atatu anali pafupi kugula. Akanayankhula Loweruka, ine ndikanakhala ndani m'boma muno? Anatembenuka kuti azipita. Sipanala inali m'manja mwanga."

"Kompyuta yake?"

"Ndinaiphwanya. Ili m'damu."

Maliro analemba zonse, Mfundo anasaina. Mkwiyo umene wapolisiyo anaubisa chiyambire dzulo unamveka tsopano m'mawu ake.

"Munthu wafa chifukwa anawerenga chimene inu munagulitsa osawerenga. Imirirani. Tisanakutsekereni tipita kusikimu. Mnzanga uja akuti kuti aimvetse pulogalamu yonseyo pafunika masabata, ndipo mpunga wa Anangozo sufika Lolemba. Mukatsekule madzi a minda ing'onoing'ono."

Mfundo sanaimirire.

"Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Nanga?"

"Sindidziwa pamene anakonza." Anayang'ana unyolo umene unali m'manja mwa Maliro, ngati kuti ndi umene ungamupulumutse. "Ine ndimangodziwa kuiika ndi kuichotsa. Amene ankaidziwa m'kati ndi yemwe uja."