Kampango wa Mufoni

Asma amakhala ku Senga Bay. Bambo ake, a Abbas, ndi msodzi. Asma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bambo ake aphe kampango wamkulu.

Koma ayi ndithu. Dzulo usipa. Lero usipa. Usipa wokhawokha!

Mufoni ya amayi ake munali pulogalamu yanzeru. Ukaiuza chinthu, imajambula.

"Jambula ababa atanyamula kampango," anatero Asma.

Foni inajambula.

"Mkulitse kampangoyo!"

Foni inamkulitsa.

"Mkulitsenso!"

Kampango anakula ngati bwato. Asma anaseka. Anatumiza chithunzicho kwa azakhali. Azakhali anatumiza kwa anzawo. Anzawo anatumizanso kwa anzawo.

Kunyanja, msodzi akapha nsomba zambiri amagawa ndiwo. Ndiye anthu anayamba kufika.

"Odi!" Anali mayi Beauty, ndi mbale.

"Odi!" Anali a Mustafa, ndi beseni.

"Odi!" Anali azakhali, pa kabaza, ndi ndowa ziwiri.

"Mashallah, achimwene!" anatero azakhali. "Ine mundipatse mutu wokha."

"Mutu wa chiyani?" anafunsa bambo.

"Wa kampango!"

Bambo anawaonetsa usipa. Anthu anakwiya.

"Mwabisa!" anatero mayi Beauty. "A Abbas, mwayamba kumana?"

A Mustafa anasuzumira pansi pa bedi. Anapezapo nkhuku.

Bambo anachita manyazi. Asma anamva chisoni. Bambo ake si omana!

"Kampangoyo si weniweni," anatero Asma. "Ndauza foni kuti ijambule."

"Iwe, chithunzi sichinama," anatero azakhali.

Asma anatenga foni. "Jambula azakhali atakwera mvuu."

Foni inajambula.

"Mayo ine!" anakuwa azakhali. "Ine pa mvuu? Ine ndimathawa ndi bakha yemwe!"

Anthu onse anaseka. Mayi Beauty anapepesa. A Mustafa anapepesanso.

Amayi anatenga foni yawo. "Foni iyi ikufunika malamulo," anatero. "Usajambule munthu usanamupemphe."

"Ndamva, amayi."

"Chithunzi chopeka, uzilembapo kuti n'chopeka."

"Ndamva, amayi."

Bambo anagawira aliyense usipa pang'ono. Azakhali anauthira mu ndowa imodzi. Ina anaivala kumutu.

Masana banja linadya usipa wootcha.

"Ababa, pepani," anatero Asma.

Bambo anamuikira usipa wina m'mbale.

"Kampango wako ndi wamkulu, mwanangu," anatero. "Koma usipa wanga umadyeka."