Belu la M'kachipinda ka Kumapeto

Basi yomaliza inamusiya akuiona. Watsopano anaima pageti la chipatala, chikwama paphewa, mtima uli m'mwamba. Dzina lake lenileni linawakanika anthu a dziko la eni ili, ndiye muwodi ankangoti Watsopano, iye n'kumavomera. Inali sabata yake yoyamba yophunzira unamwino pa odwala enieni, kutali ndi kwawo. Chomwe ankaopa kuposa kuzizira chinali kubwezedwa. Mayi ake anali atalengeza kale kwa aliyense, mpaka kwa wometa tsitsi, kuti mwana wawo ali kunja.

Chinamuchedwetsa ndi kufuna kutamidwa. Kusukulu kwawo anali katswiri woyala bedi, ndiye asanaweruke anati aonetse luso m'kachipinda ka kumapeto, momwe munagona bambo ena okalamba odwala chifuwa, oti mawu awo sankafika n'pakhomo pomwe. Anakunga nsalu, anapukuta kabati. Koma panali kansalu ka riboni kobiriwira komwe kanamangirira chingwe cha belu loitanira anamwino kuchitsulo cha bedi. Bedi lililonse muwodimo linali nako, ndipo iye kankamunyansa. Anakamasula, n'kukulunga chingwecho bwinobwino, n'kuchikoleka pakhoma. Kunena zoona, panaoneka bwino.

Tsopano kunali kuyenda wapansi mpaka kuhositelo. Njira yachidule inkadutsa kumbuyo kwa manda n'kukwera kamlatho ka pamwamba pa njanji. Anaimbira achimwene ake kuti amuperekeze ndi mawu, koma foni inangoitana. Mutu unakana kukhazikika. Kodi asisita, mkulu wa anamwino muwodimo, anamuyang'ana choncho chifukwa chiyani? Kodi magolovesi aja anataya m'bini yoyenera? China chake chinkamukanda mumtima, koma osachigwira.

Mpanda wa manda unali wautali. Magetsi a mumsewu anayamba kutalikirana. Nsapato zake zokha ndizo zinkamveka... kenako kunamveka zina. Osati nsapato. Mapazi.

Anaima. Nawo anaima.

Anacheuka. Kunalibe munthu. Atayang'ananso kutsogolo, pakati pa mlatho panali pataima mayi ena. Mkanjo wa chipatala. Kumapazi kulibe kanthu, kuzizira konseku.

Mantha anachepako, unamwino unadzuka. Awa ndi odwala othawa muwodi basi. Anavula jekete lake n'kuwafunditsa.

"Amayi, mwatuluka bwanji? Tiyeni ndikuperekezeni, mufa nayo mphepoyi."

Anazindikira mochedwa kuti walankhula chinenero chakwawo, chomwe kuno palibe ankachimva. Mayiwo anayankha m'chinenero chomwecho.

"Ndinaitana, mwanangu."

"Munaitana ndani, amayi?"

"Dzanja silinafike."

Anawagwira pamkono, zala ziwiri pamtsempha monga anaphunzitsidwira. Anadikira. Anasuntha zala. Anadikiranso... Zii. Mkono unali wozizira ngati chitsulo cha bedi. Anakweza maso. Tsitsi lawo linali lomangidwa ndi kariboni kobiriwira.

"Belu mwaliika kuti?" anafunsa mayiwo.

Sitima inadutsa pansi. Mlatho unanjenjemera. Phokoso litatha, m'manja mwake munali jekete lokha.

Belu!

Ankadziwa kuti kubwerera n'kudziulula, ndipo kudziulula kukhoza kumukweza ndege ya kwawo. Anathamangabe. Manda. Geti. Masitepe. Khonde lalitali lija linatalikiratu. Asisita a usiku anadzambatuka padesiki atamuona akudutsa ngati wamisala, n'kumutsatira.

Bambo aja anali atatsetsereka papilo. Kachubu ka mpweya kanali katachoka pamphuno, milomo itada. Dzanja lawo linali lotambasukira kukhoma, zala zikutseguka ndi kutsekeka pansi pa chingwe chokulungidwa bwino chija.

Iye ndi asisita anawadzutsa. Asisita anabwezeretsa kachubu, n'kuwachotsa makhololo kukhosi ndi makina. Chifuwa chinakwera, chinatsika, chinakweranso. Patapita kanthawi bambowo anatsegula maso, n'kumuyang'ana Watsopano opanda mkwiyo uliwonse. Zimenezo ndizo zinamuliza.

"Ndinamasula ndine, asisita," anatero. "Ndimafuna pawoneke bwino."

Asisita sanakalipe. Anapisa m'thumba la yunifolomu, n'kutulutsa kariboni kena.

"Manga wekha. Mawa ukadzinenere wekha kwa akuluakulu, ine ndikanena kuti unabwerera. Koma wakumbuka bwanji uli panjira?"

Watsopano anafotokoza za mayi a pamlatho: mkanjo, mapazi, mtsempha wosagunda, riboni kutsitsi, ndiponso kuti amalankhula chakwawo. Asisita anakoka mpando wa alendo n'kukhala pang'onopang'ono.

"Mayi amenewo anamwalirira pabedi lomweli, ine ndisanayambe n'komwe ntchito pano, ndipo waona imvi zangazi. Anali akwanu komweko. Anawapeza m'mawa dzanja lili kukhoma, belu litakolekedwa bwinobwino. Mariboni onsewa amabweretsa ndi mwana wawo, chaka ndi chaka."

Watsopano anamanga mfundo, n'kumanganso ina pamwamba pake. Kenako anaika belu m'dzanja la bambo aja, n'kuwapinda zala chimodzichimodzi mpaka analigwira.