Mapazi Atatu a Malachy Devane

Madzulo a tsiku limenelo apolisi a ku Drumcarra anadya mbatatesi ndi nyama ya nkhumba, monga masiku onse. Anali asanu patebulo. Mvula inkawaza pazenera, moto unkafuka pang'onopang'ono, ndipo palibe amene ankatchula za munthu amene anagona m'shedi kuseri kwa nyumbayo, chitseko chake chili ndi loko.

Munthuyo anali Thady Quilligan, mlimi wa kumtunda kwa phiri. Masiku awiri m'mbuyomo kapitawo wa mwinimalo anakwera phirilo kukatulutsa mabanja anayi m'nyumba zawo ndi kugwetsa madenga, apolisi akumuperekeza ndi mfuti. Belu la tchalitchi linalira, anthu anasonkhana, miyala inayamba kuuluka. Mfuti inalira kamodzi kokha. Thady anagwa pachipata cha bwalo lake.

Amene anawombera anali Malachy Devane, mwana wa mlimi wa m'chigawo cha Mayo. Analowa upolisi chifukwa munda wa bambo ake sukanadyetsa ana aamuna atatu, ndipo monga amachitira ndi apolisi onse kuno ku Ireland, anamutumiza kutali ndi kwawo, kumene analibe msuweni ngakhale mmodzi. Sanali munthu woipa. Koma chipolopolo sichifunsa ngati wochitumayo ndi wabwino, ndipo Thady anafa basi.

M'mawa mwake bwalo lofufuza za imfayo linali kudzakhala. Sajeni Hartigan anakankha mbale yake n'kuloza Malachy ndi mpeni.

"Mawa nkhani ndi imodzi. Quilligan anatuluka m'nyumba ndi mfuti, ikufuka utsi. Wamva, Devane?"

"Nanga mfutiyo ili kuti, bwana sajeni?"

"Anzake anathawa nayo. Ukufuna ndichite kukujambulira? Ukagwira Baibulo, unene zimenezo n'kukhala pansi. Ukanena zina, yunifolomu uvula, ndipo mwina chingwe chikudikira."

Costigan, wapolisi wonenepa amene sankasowa nthabwala, anamugunda m'nthiti. "Idya, achimwene, mbatatesi zikuzizira. Wakufa sabwera kudzafunsa mafunso."

Malachy sanaseke. Ankadziwa chimene Thady ananyamula tsiku lija, ndipo sinali mfuti. Mawa anayenera kusankha kulumbira bodza pa Baibulo kapena kudzimangirira yekha ndi pakamwa pake.

Mkazi wa malemuyo, Nano Quilligan, anali atabwera katatu kudzapempha mtembo. Katatu konse sajeni anamubweza. Ankaopa kuti anthu akachezera maliro, amuna ausiku olimbana ndi eni malo, ovala malaya oyera pamwamba pa zovala ndi kudzola mwaye kumaso, akapezerapo malo ochitira msonkhano. Choncho Thady anagona usiku uwiri popanda kandulo, popanda kolona, popanda mayi womubuma. Kwathu kuno chimenecho n'chinthu chochititsa manyazi ngakhale kuchinena.

Itakwana naini koloko, sajeni anatuma Malachy ndi Costigan kukalondera nyumba ya kapitawo. Atafika pamphambano, Costigan anaona kuwala kunyumba ya mayi wina wogulitsa kachasu mobisa.

"Tsogola, ndikupeza. Ndikungofuna ndifunditse pakhosi."

"Lamulo likuti tiziyenda awiri."

"Lamulo lili pamoto likuwotha, ife tikunyowa. Pita, mbusa iwe."

Malachy anapitirira yekha. Msewu unali wopapatiza, mipanda yamiyala uku ndi uku. Mwezi kunalibe. Mvula inaleka. Mphepo nayo inaleka, ndipo anayamba kumva nsapato zake zokha.

Kenaka anamva mapazi ena kutsogolo. Sanali mapazi a munthu wothamangira kwawo. Anali olemera, oponda pamodzi, ngati a anthu osenza chinthu. Anaima n'kutsitsa mfuti paphewa.

Poyamba anaona malaya oyera. Atatu. Nkhope sizinkaoneka, zinali zakuda bii. Pamapewa pawo panali bokosi lamaliro, lamatabwa osapala. Awiri anali kutsogolo, mmodzi kumbuyo chakumanzere. Pangodya yachinayi panalibe munthu, koma bokosilo silinkapendekeka.

"Mulungu akhale nanu," anatero Malachy.

Munthu aliyense wobatizidwa amayankha moni umenewo, ngakhale wauchidakwa, ngakhale amene ukudana naye. Awa sanayankhe.

"Imani, m'dzina la lamulo! Mwanyamula chiyani?"

Sanaime. Sanafulumirenso. Anamudutsa pafupi kwambiri moti malaya a mmodzi anamukhudza dzanja, ozizira ngati mwala wa pachitsime. Panamveka fungo la utsi wa zibuma zouma za m'dambo, zimene timasonkhera moto m'nyumba zathu.

Ku sukulu ya upolisi anamuphunzitsa kuti bokosi loyenda usiku limakhala ndi mfuti m'kati, ulitsegule. Koma amayi ake anamuphunzitsa kale china, asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Ukakumana ndi maliro panjira, umavula chipewa, umatembenuka, n'kuyenda nawo mapazi atatu. Timawatcha mapazi atatu achifundo. Sufunsa kuti wafayo ndani. Angakhale mdani wako, mapazi atatuwo ndi ake.

Mutu wa Malachy unali wa boma, koma miyendo inali idakali ya amayi ake. Anayedzamiritsa mfuti kumpanda, anavula chipewa, anatembenuka.

Phazi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu.

Pa lachitatulo ngodya yopanda munthu ija inatsika n'kukhala paphewa lake. Inakhazikika bwinobwino, ngati kalipentala anachita kumuyeza. Anafuna kuima, miyendo inakana. Anafuna kufuulira Costigan, lilime linauma.

Bokosilo linali lopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Zimenezo zinamuopsa kuposa kulemera. Anasiya msewu, anakhotera m'kanjira kokwera phiri. Malachy anakadziwa kanjirako. Anakakwera masiku awiri apitawo, ali pamzere ndi anzake, mabatani akuwala.

Anadutsa nyumba yoyamba yopanda denga. Anadutsa yachiwiri. Galu sanauwe ngakhale mmodzi. Atatu aja sankapuma mokweza monga achitira anthu pokwera phiri. Malachy anatchera khutu, ndipo mpweya umene ankaumva unali wake wokha.

Atafika pachipata cha Quilligan, pamalo penipeni pamene Thady anagwera, anaima. Pamenepo bokosi linalemera. Linalemera mwadzidzidzi, ngati munthu wagonamo. Thabwa linamulowa m'phewa, maondo anapindika.

Khutu lake linali litatsamira thabwalo. M'katimo munamveka mawu, apansipansi, opanda mkwiyo, ngati a munthu wofunsa njira.

"Devane. Ndinanyamula chiyani?"

Malachy anatseka maso. "Kunali utsi. Anthu ankaponya miyala. Sindinaone bwino."

Bokosi linawonjeza kulemera. Anamva china chikulira m'phewa mwake.

"Ndinanyamula chiyani?"

"Sajeni akuti..."

"Sindikufunsa sajeni."

Misozi inatsika yokha. "Fosholo," anatero. "Munanyamula fosholo, bambo Quilligan. Pamwamba pake panali chibuma choyaka."

"Ndinkapita nacho kuti?"

"Kwa anansi. Kuti moto wa m'nyumba mwanu usazime."

Malachy sankafunikira womufotokozera. Moto wa pakhomo suzimitsidwa. Usiku umaukwirira ndi phulusa, m'mawa umaudzutsa, ndipo wa kwa Quilligan unali usanazimepo chiyambire pamene agogo a Thady anamanga nyumbayo. Akakutulutsa m'nyumba, mipando ndi miphika zitha kudikira pamvula, koma moto umathamanga nawo kwa mnansi kuti akusungire mpaka udzapeze denga lina. Malachy ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anaona bambo ake akuchita zomwezo, denga lawo likugwa kumbuyo. Pa apolisi onse asanu, iye yekha ndiye akanadziwa msanga chimene utsi uja unali.

"Ndinaona," anatero akulira. "Ndinaona bwinobwino. Koma mwala unali utandigunda, ndinali ndi mantha, ndipo ndinakwiya. Ndinawombera."



"Moto unazimira m'matope," mawuwo anatero. "Mkazi wanga akugona pozizira."

Atatu aja anayambanso kuyenda. Analowa pakhomo lopanda chitseko, anaponda udzu wadenga wonyowa, anatsitsa bokosi pamwala wosonkhapo moto. Malachy anagwa chogwada. Zimene zinachitika pambuyo pake sanazikumbukire mpaka tsiku la imfa yake.

Nano Quilligan ankagona ndi ana ake m'kamsasa ka nthambi kamene anakamanga m'ngalande, tsidya la munda. Kutangoyamba kucha anaona utsi ukukwera kuchokera m'nyumba yake yopanda denga. Anafunda shawelo n'kupita.

Anapeza wapolisi atagwada, wopanda chipewa, wopanda mfuti, yunifolomu ili matope okhaokha. Bokosi panalibe. Pamwalapo panali chibuma chimodzi, chofiira, chikuyaka bwinobwino pakati pa phulusa limene mvula inalinyowetsa masiku awiri.

Amuna a m'mudzimo anauonanso utsiwo. Anabwera asanu ndi mmodzi, ena ndi mafoloko a udzu, ena ndi makasu. Mlongo wake wa Nano, Murty, ndiye anali patsogolo.

"Taonani galu wa boma! Wabwera kudzanunkhiza pamene anapha. Choka apo, Nano, timuthandize kupemphera."

"Dikira, Murty." Mayiyo sankayang'ana wapolisi. Ankayang'ana moto. "Wayatsa ndiwe?"

"Ayi, mayi."

"Nanga ndani?"

"Sindikudziwa. Ndinakumana ndi maliro pamsewu. Ndinayenda nawo mapazi atatu."

Amuna aja anayang'anana. Mmodzi anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo mafoloko anatsika pang'ono.

Nano anagwada, anatenga chibumacho ndi mbaniro, anachiika mumphika wachitsulo. Ataimirira anamuyang'ana m'maso koyamba.

"Bwalo likhala teni koloko. Ukanena chiyani?"

"Chimene ndinaona, mayi."

"Musiyeni adutse," anauza amunawo. "Akanama, njira ya kuno akuidziwa, ndipo sindife amene tidzamuitane."

Malachy ananena zoona. Anagwira Baibulo ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja silinkakwera. Anatchula fosholo, anatchula chibuma, anatchula zimene sajeni anamuuza patebulo. Nkhope ya Hartigan inafiira ngati nyama yaiwisi. Chingwe sichinabwere, poti boma silikonda kupachika anthu ake, koma yunifolomu anavula tsiku lomwelo. Apolisi anzake anamulavulira. Anthu a ku Drumcarra nawo sanamuthokoze, ndipo n'chifukwa chiyani akanamuthokoza? Thady anali wakufabe.

Za usikuwo anthu amanong'onezana mpaka lero. Ena amati anali amuna ausiku, asuweni a Thady, atagoneka mnzawo m'bokosi kuti amuopseze. Mwina. Koma palibe amene anafotokozapo mmene anthu atatu angasenzere bokosi la ngodya zinayi osalipendeketsa. Costigan naye, akaledzera, ankalumbira kuti m'mawa uja anapeza loko wa shedi ali wotseka monga anamusiyira, koma zikhatho za mtembo zinali zakuda ndi mwaye, ndipo zinali zofunda.

Mtembo anaupereka madzulo a tsiku la bwalo. Anauchezera usiku wonse kwa mnansi, ndi makandulo, ndi fodya, ndi amayi obuma, pafupi ndi moto wochokera mumphika uja. M'mawa anaunyamula kupita kumanda, abale anayi, aliyense pangodya yake.

Pamphambano anakumana ndi munthu wovala jekete lobwereka, kathumba m'manja, akupita kukakwera sitima. Phewa lake lamanja linali lotsika, ndipo linakhala lotsika moyo wake wonse. Malachy anaika kathumba pansi, anavula chipewa, anatembenuka n'kulowa kumbuyo kwa bokosi.

Phazi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Nkhope yake inali itayera ndi mantha, ndipo mwendo unali utanyamuka kale kufuna kuponda lachinayi.

Nano Quilligan sanacheuke. Analankhula akuyang'ana kutsogolo, ku bokosi la mwamuna wake.

"Atatu akwana, Devane. Pita kwanu."

Mwendo unatsika pamene unali. Maliro anapitirira kukwera njira ya kumanda, iye n'kutsala pamsewu, chipewa chili m'manja.