Nsalu ya Pakhoma kwa Leata

Madzulo amenewo Leata ankapukuta magalasi, ntchito yosatha. Paja mwamuna wake Tupu atabwerako ku Auckland anamanga chinyumba cha magalasi, zitseko zokankha, ukatsegula pabalaza n'kusanduka pabwalo. Kwathu kuno pachilumba cha Savai'i dzuwa likamalowa aliyense amaphimba kalilole kuti akufa asasuzumiremo. Nanga nyumba yathunthu ungaiphimbe ndi chiyani?

Pakhoma limodzi lokhalo lasimenti anapachikapo siapo, nsalu ya khungwa imene mayi ake a Leata anasula n'kulocha okha kuti adzaikidwe nayo. Wojambula pulani ataiona anati khomalo likufuna imeneyo basi. Ndiye pamaliro a mayi akewo Leata, atatsala yekha ndi mtembo, anaukulunga m'nsalu yapabedi yamaluwa yakusitolo. Ananamiza anthu kuti siapo zinalipo ziwiri, ina mayi apita nayo.

Zinayamba ndi fungo, mafuta a kokonati osakanikirana ndi dothi lonyowa. Kenako gu! gu! gu! ngati wina akusula khungwa mkati mwa khoma. Mmisiri amene anakhomera siapoyo pakhoma ndi misomali anamupeza kumunda atauma gwa, wopanda bala.

Mudzi wonse unaloza Pele, mayi wamasiye wokonda kuyankhula yekha.

"Nsanje ya mfiti ija," anatero Tupu madzulo omwewo. "Akuluakulu agamula kuti ichoke."

"Nanga ngati si iwowo?" anafunsa Leata.

"Ndiye ndani? Iweyo?" Tupu anaseka yekha.

Tsiku lotsatira mwana wawo Sefina anayamba kunjenjemera, milomo bii, dzuwa likuswa mtengo.

"Amayi, agogo akuti kukuzizira. Akuti ndikagone nawo."

"Agogo ati?"

"Awo aima m'galasiwo."

Leata anazula siapo ija, misomali kuli mbwee, n'kuthamangira pamanda a mayi ake, paja kuno manda amakhala pakhomo pomwepo. Anaiyala, nagwada.

"Amayi, wolakwa ndine. Tengani chanu, mwanayu musiyeni."

Kugunda kuja kunaleka.

Polowa anapeza Sefina ali m'tulo, thupi lofunda bwinobwino, atafunditsidwa nsalu yapabedi yamaluwa ija, yonyowa, dothi lili kakata. Tupu anaigwira ndi zala ziwiri, atatseka mphuno.

"Chonunkhachi chachokera kuti? Ndi Pele yemweyu, eti?"

Kupyola m'galasi Leata ankaona msewu wonse. Pele anali akutsika ndi kamtolo kake, ana akumugenda. Leata akanangokankha chitseko n'kufuula zoona, mawu akanafika kumsewuko.

"Kaya," anatero Leata. "Mwina ndi iwo."

Mkati mwa khoma lopanda kanthu lija, gu!