Mafunso a Amayi Ali Kudenga

Panali kamtsikana kena. Kunyumba ankakatcha Kanyerere. Kanali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Kanyerere anali ndi mlongo wake wamng'ono. Onse ankamutcha Bwana. Bwana akalira, aliyense ankathamanga.

Loweruka lina, Bwana ankakwanitsa zaka ziwiri. Madzulo kunali kaphwando. Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukongoletsa pabalaza. Ankafuna unyolo wa mapepala, wautali, wamitundumitundu.

Koma mapepala analibe.

Tsikulo Amayi anali atatopa. Anasesa. Anakolopa. Anachapa. Anasambitsa Bwana. Bwana anakhala pamatope. Anamusambitsanso.

Amayi analinso ndi nkhawa ina.

Loweruka lililonse masana, anzawo atatu ankabwera. Poyamba ankachita masewera olimbitsa thupi. Akatha, ankakhala pansi. Ankaphunzira Mawu a Mulungu.

Tsikulo wotsogolera phunziro anali Amayi. Kanali koyamba. Amayi ankaopa.

“Ine anthu akandiyang'ana, mutu umaima,” ankatero. “Mawu onse amandithawa.”

Choncho m'mawa analemba mafunso asanu. Amayi sataya pepala. Analemba kuseri kwa pepala lachikasu lotsatsa sopo. Analisiya patebulo, pamwamba pa nyuzipepala zakale.

Kanyerere anapita kumene Amayi ankachapa.

“Amayi, ndikufuna mapepala.”

“A chiyani?”

“A unyolo. Wa phwando la Bwana.”

Amayi anali ndi thovu mpaka m'zigongono. Sanatembenuke n'komwe.

“Katenge a patebulopo.”

“Onse?”

“Onsewo. Basi, usandivutenso.”

Kanyerere anatenga sizasi. Anatenga kapu. Anathiramo ufa pang'ono ndi madzi. Anatakasa. Guluu wake anali ameneyo.

Dula, dula, dula.
Pinda, pinda, pinda.
Mata, mata, mata.

Mphete imodzi. Mphete ziwiri. Mphete zambirimbiri.

Kenako anaona pepala lachikasu. Linali lokongola kuposa onse. Analidula tizidutswa tisanu. Kuseri sanayang'aneko. Ndani amayang'ana kuseri kwa pepala lokongola?

Dula, dula, dula.
Pinda, pinda, pinda.
Mata, mata, mata.

Mphete yachikasu apa. Ina apo. Ina uko. Chikasu chinali kunja. Zolemba za Amayi zinali mkati.

Unyolo unatalika. Unatsika patebulo. Unafika pakhomo.

“Ababa, mundikolekere.”

Abambo ndi aatali kwambiri. Anamanga mbali imodzi pamwamba pa zenera. Anamanga inayo pamwamba pa chitseko. Unyolo unali pafupi ndi denga.

“Apa Bwana safikapo,” anatero Abambo. “Ndapita kukatenga keke.”

Ndipo anapita.

Masana alendo anafika. Kunabwera Anesi. Kunabwera Atelala. Pomaliza kunabwera Amake Mapasa, akupuma wefuwefu.

“Odi kuno! Ee, kwakongola bwanji!” anatero Atelala. “Wapanga ndani?”

“Ine,” anatero Kanyerere.

“Manja ako ndi abwino. Ukakula ndidzakulemba ntchito.”

Anesi anawomba m'manja. “Tiyeni panja. Masewera kaye!”

Anaima pakhonde.

“Manja m'mwamba! Kamodzi! Kawiri! Katatu!”

Atelala anakweza manja. Amake Mapasa anakweza dzanja limodzi.

“Onse awiri, achemwali!”

“Linali likupuma.”

“Tsopano tiwerame! Kamodzi!”

“Ndikawerama andidzutsa ndani?” anafunsa Amake Mapasa. “Ine masewera ndimachita kwathu. Kuthamangitsa mapasa mukuona ngati n'kugona?”

Onse anaseka. Koma Amayi panalibe. Anali m'nyumba, akufunafuna.

Anayang'ana patebulo. Palibe.
Anayang'ana pansi pa tebulo. Palibe.
Anayang'ana m'chikwama. Mulibe.
Anayang'ana mpaka mufiriji. Mulibe.

“Iwe Kanyerere! Tabwera kuno.”

Kanyerere anabwera.

“Pepala lachikasu waliona? Linali apa. Kuseri kwake kuli mafunso anga.”

Mtima wa Kanyerere unagunda. Gu, gu, gu. Sanathawe. Sananame. Anakweza chala pang'onopang'ono.

“Lili uko, Amayi.”

Amayi anayang'ana kudenga. Anaona mphete zachikasu. Anakhala pampando, phi!

Sanakalipe. Anangogwira mutu.

“Pepani, Amayi. Sindinaone zolembazo.”

“Ndinanena ndekha kuti utenge onse,” anatero Amayi. Mawu awo anali otsika. “Nanga ndinena chiyani kwa anthuwa? Sindikukumbukira ngakhale funso limodzi.”

Alendo analowa, akupukuta thukuta.

“Kwagwanji, Amake Kanyerere?” anafunsa Anesi.

“Phunziro langa lili kudenga.”

Onse anayang'ana m'mwamba. Amake Mapasa anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka.

Amayi anaimirira. Anatenga tsache lalitali.

“Nthawi ikutha. Tiugwetse. Ting'ambe mphetezo.”

Kanyerere anayang'ana unyolo wake. Anayang'ana zala zake. Ufa unali utauma m'zikhadabo. Misozi inalengeza m'maso.

Anayang'ananso Amayi. Anali atakweza kale tsache.

Kanyerere anapukuta maso. Anaganiza. Anaganizanso.

“Dikirani, Amayi! Mundinyamule. Ndiwerenga ine.”

“Iwe? Zolemba zanga zokhotakhotazo?”

“Mukandituma kugolosale ndimawerenga.”

Amayi anaima, tsache lili m'manja.

“Musiyeni ayese,” anatero Atelala. “Chinthu chokongola chotere saching'amba dala.”

“Anyamule ndani?” anafunsa Amayi. “Ine msana watha ndi kuchapa.”

Anesi anamwetulira. “Pali wina amene sanachite masewera lero.”

Onse anatembenukira kwa Amake Mapasa.

“Aaa, anthu inu! Mwandipangira chiwembu!”

Koma anagwada. Kanyerere anakwera pamapewa awo.

“Kamodzi! Kawiri! Katatu!” anawerenga Anesi.

Amake Mapasa anadzuka. “Mayo ine! Mwana uyu mumamudyetsa miyala?”

Kanyerere anafika kudenga. Anagwira mphete yachikasu. Anasuzumira mkati.

“Apa alemba kuti funso lachitatu.”

“Ayi, tiyambe loyamba,” anatero Amayi.

“Pitani uko, azakhali. Chakuzenera.”

Amake Mapasa anayenda. Di, di, di.

“Ili ndi lachinayi. Bwererani.”

Amake Mapasa anabwerera. Di, di, di.

“Iwe, ukuona ngati ndine basi?”

“Imani pomwepo! Ndalipeza!”

Kanyerere anatembenuza mphete pang'onopang'ono. Anawerenga pang'onopang'ono.

“Ko-di... ku-le-za... mti-ma... n'chi-ya-ni?”

“Eya!” anafuula Amayi. “Ndi limenelo! Phunziro lathu ndi la kuleza mtima.”

“Inuyo, asisi?” anaseka Atelala. “Kuleza mtima?”

“N'chifukwa chake ndinalisankha. Yankhani, musandichedwetse.”

Amake Mapasa anamutsitsa Kanyerere. Onse anakhala pansi. Anesi anayankha. Atelala anayankha. Amayi anamvetsera.

“Funso lachiwiri,” anatero Amayi.

Tsopano ananyamula ndi Anesi.

“Kamodzi! Kawiri! Katatu!”

Kanyerere anasuzumira mkati mwa mphete.

“Nda-ni... a-ma-ku-pse-tsa-ni... mti-ma... ku-nyu-mba?”

“Ana!” anatero Amake Mapasa.

“Bambo awo!” anatero Atelala.

“Tonse tayankha,” anatero Anesi.

Anaseka mpaka misozi. Amayi nawo anaseka.

Funso lachitatu ananyamula ndi Atelala.

“Kamodzi! Kawiri! Katatu!”

“Mu-ka-psa... mti-ma... mu-ma-ta-ni?”

“Ine ndimasoka mothamanga,” anatero Atelala. “Kenako ndimasolola zonse.”

“Ine ndimatuluka panja,” anatero Anesi. “Ndimapemphera kaye. Ndikabwerera, mtima watsika.”

Funso lachinayi Amake Mapasa anadzuka okha.

“Bwera, mwanawe. Thupi lazolowera.”

“Kamodzi! Kawiri! Katatu!”

“Nda-ni... a-na-ku-le-ze-ra-ni-po... mti-ma?”

Apa palibe anaseka. Aliyense anakumbukira munthu wake. Atelala anatchula mayi amene anawaphunzitsa kusoka. Anawononga nsalu zambiri, koma mayiyo sanawathamangitse. Amake Mapasa anatchula mnansi wawo. Mapasa akalira onse awiri, mnansiyo sadandaula. Amangobwera n'kunyamula mmodzi.

“Latsala limodzi,” anatero Amayi. “Lachisanu ndiye lalikulu.”

Kanyerere anakweranso. Anayang'ana unyolo wonse. Kuyambira pazenera mpaka pachitseko. Kuyambira pachitseko mpaka pazenera.

“Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi.”

Anawerenganso.

“Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Amayi, yachisanu palibe!”

Kuseri kwa mpando kunamveka kaphokoso. Tafu, tafu, tafu.

Anesi anasuzumira. Bwana anali khale pansi. Milomo yake inali yachikasu. Anesi anam'tsegula pakamwa ndi chala. Anatulutsa kampira konyowa ka pepala. Kachidutswa kamodzi kanagwera pansi m'mawa, Kanyerere osakaona.

“Funso lachisanu ndi ili,” anatero Anesi. “Bwana alitafuna. Musade nkhawa, sanameze.”

Bwana anamwetulira. “Kokoma!”

Onse anayang'ana Amayi.

Amayi anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anayang'ana pansi.

Kanyerere anatsika. Anapita kwa Amayi. Anawagwira dzanja. Ananong'ona.

“Amayi, funsani lina. Ine mumandifunsa mafunso tsiku lonse, opanda pepala.”

Amayi anamuyang'ana. Anapuma mozama.

“Chabwino,” anatero. “Lija ndaliiwala. Koma ndili ndi lina. Kodi Mulungu amatilezera mtima kangati pa tsiku?”

Anzawo anayang'anana.

“Ndiyambe ine,” anatero Amayi. “Lero lokha ndakalipira Bwana. Ndakalipira mphika. Ndakalipira sopo atagwa pansi. Mwana wandipempha mapepala, sindinamuyang'ane n'komwe. Ndinatsala pang'ono kung'amba ntchito yake. Koma ndikadali pano. Mulungu sanatope nane.”

Mawu anabwera. Anabweranso ena. Amayi analankhula. Anzawo anamvetsera. Anayankhana. Anapemphera. Tiyi anazizira m'makapu, palibe anadandaula.

Atatha, Anesi anawagwira Amayi paphewa.

“Mwatsogolera bwino, asisi.”

“Zoona?”

“Zoona. Lachisanulo ndiye landigwira mtima.”

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni.

“Ndi utsi,” anatero.

Utsi panalibe.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Abambo analowa ndi keke.

“Phunziro layenda bwanji?”

“Funsani msana wanga, alamu,” anatero Amake Mapasa. “Lero ndalimbitsa thupi la mwezi wonse.”

Atelala anatenga nyuzipepala zotsala. Pinda, pinda, pinda. Anapanga zipewa. Chimodzi cha Bwana. Chimodzi cha Kanyerere. Chimodzi cha aliyense. Cha Abambo chinali chaching'ono. Chinangokhala pamwamba pa mutu ngati kapu.

Anayatsa makandulo awiri. Anaimba. Bwana anauzira. Makandulo sanazime. Anauziranso. Malovu anagwera pakeke. Kanyerere anamuthandiza. Fuu! Onse anawomba m'manja.

Unyolo unali m'mwamba, wathunthu. Mphete zachikasu zinkagwedezeka.

Amayi anadula keke. Anagawira onse. Kenako anakhala pampando. Anamukoka Kanyerere n'kumukhazika pamiyendo.

“Ukuwerenga bwino, mwanawe.”

“Zikomo, Amayi.”

“Ndipo unyolo wako ndi wokongola.”

“Mwauona?”

“Ndauyang'ana masana onse. Khosi likuchita kuwawa.”

Kanyerere anaseka. Anatsamira pachifuwa cha Amayi. Anadya keke yake pang'onopang'ono.

Patapita kanthawi, anamva kupuma kwina. Anayang'ana. Amayi anali atagona. Chipewa chinali chitapendekeka. Keke inali ikadali m'manja. Dzuwa linali lisanalowe n'komwe.

Bwana anabwera akuthamanga. “Mama! Mama!”

Kanyerere anaika chala pamilomo.

“Shii, Bwana. Lero udikire ndiwe.”

Abambo anamunyamula Bwana. Alendo anatsitsa mawu. Kanyerere anachotsa keke m'manja mwa Amayi. Anaiika m'mbale. Anaivundikira bwinobwino.

Imeneyo palibe anaigwira. Ngakhale Bwana.